Mapale a ku Hampi

Kwathu kum'mawa munthu akamadutsa pa bwinja saima. Amangoona mitengo ya mango imene inatsala yokha, kapena kacitunda pamene panali nkhokwe, nanena mumtima kuti pano panali mudzi, basi n'kupitiriza ulendo wake. Ine ndinakula ndi mtima womwewo. Ndinaphunzitsa ana a sukulu mbiri yakale kwa zaka 31, ndipo maina a mafumu ndi zaka za nkhondo zao ndinali kuzichula osayang'ana m'buku, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina bwinja lidzandifunsa funso ine mwini. Zimenezi zinandicitikira m'caka ca 2019 ku dziko la India, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ili pafupi ndi mabwinja a mzinda wina waukulu wa Ahindu. Ndiloleni, okondedwa awerengi, ndikusimbireni mmene zinayendera.

Cimene cinandipititsa ku India

Mwana wathu wamkazi, mzime wa m'nyumba mwathu, anapita ku mzinda wa Bengaluru mu 2015 kukaphunzira za mankhwala. Ali komweko, mu 2017, amai ake anatisiya atadwala milungu itatu yokha. Iye anali pakati pa mayeso, ndipo ndalama ya ndeke yobwera ndi kubwerera inali yosapezeka. Tinamuuza pa foni kuti alimbe mtima. Maliro a amai ake anawaonera pa zithunzi zimene alongo ake anamtumizira.

Patapita mwezi umodzi, acibale a malemu anabwera kudzagawa katundu monga mwa mwambo. Ndisawanamizire, sanandilande kanthu. Anali anthu aulemu, ndipo anandifunsa kawiri konse ngati panali zina zimene ndinafuna kusungira ana. Ndine ndinati, "Tengani zonse." Zitenje, mapoto, makina osokera, ngakhale buku lao la nyimbo, zonse zinapita. Maso anga sanali kufuna kuona ciliconse condikumbutsa. Panalinso mbale ina yoyera ya maluwa abuluu, mphatso ya pa ukwati wathu mu 1984, imene inali kutuluka m'kabati pa Khrisimasi ndi pa Pasaka pokha. Tsiku limenelo inapulumuka m'manja mwa mwana wina n'kusweka pakhonde. Ndinasesa ndekha ndi kukataya kudzala, kuseri kwa nyumba. "Madzi akatayika saoleka," ndinadziuza motero.

Pamene mwanayo anatsiriza maphunziro ake mu 2019, abale ake anasonkha ndalama kuti ine ndikaonerere mwambo wolandira digiri. Tinakumana pa bwalo la ndeke, tinakumbatirana, tinalira pang'ono, koma za amai ake sitinakambe. Iye anali kundiopera ine, inenso ndinali kumuopera iye. Mwambo utatha anandiuza kuti wakhala akusunga kandalama kuti anditengere ku malo ochedwa Hampi. "Inu Atate ndinu aphunzitsi a mbiri," anatero, "simungacoke ku India osaona kumeneko."

Hampi ali m'cigawo ca Karnataka, makilomita pafupi-fupi 350 kumpoto kwa Bengaluru. Tinakwera sitima usiku, ndipo kunaticera tili m'tauni ya Hosapete. Kucoka apo tinayenda makilomita 13 pa kagalimoto ka mawilo atatu, kudutsa m'minda ya nthoci, nzimbe ndi mpunga. Kenaka matanthwe anayamba. Inu amene munafikako ku Katete kapena ku Chadiza mudziwa mapiri a miyala yosanjikizana. Muwacurukitse amenewo kufikira maso atopa, muike mtsinje waukulu wa Tungabhadra pakati pake, ndiye kuti mwaona dziko la Hampi.

Mzinda wa Cipambano

Dzina lenileni la mzindawo linali Vijayanagara, kutanthauza Mzinda wa Cipambano. Mbiri imati ufumu wake unayambidwa ca m'ma 1336 ndi abale awiri, Harihara ndi Bukka, ndipo m'kupita kwa nthawi unakula mpaka kulamulira pafupi-fupi dera lonse la kumwera kwa India. Mfumu yake yochuka koposa inali Krishnadevaraya, amene analamulira kuyambira mu 1509 mpaka mu 1529. Anali munthu wankhondo, womanga akacisi, komanso wolemba ndakatulo m'cinenero ca Telugu.

Alendo ocokera kutali anafika mumzindamo nalemba zimene anaona. Abdur Razzaq, kazembe wa ku Persia, anafika mu 1443 nacita kakasi ndi malinga a miyala amene anazinga mzindawo mosanjikizana. Mpwitikizi wina, Domingo Paes, anafika ca m'ma 1520. Iyeyu anakwera paphiri kuti aone mzinda wonse, koma sanathe cifukwa mbali zina zinabisika pakati pa mapiri. Mbali imene anaiona anaiyerekeza ndi mzinda wa Roma pa kukula kwake. Anasimbanso za misika yodzala ndi mpunga, tirigu, nyemba, malalanje ndi mphesa, ndi za amalonda ogulitsa ngale ndi miyala ya mtengo wapatali m'mbali mwa misewu. Apwitikizi, amene analanda doko la Goa mu 1510, anali kugulitsa akavalo kwa mafumu a Vijayanagara, popeza nkhondo za nthawi imeneyo zinali kudalira asilikali okwera pa akavalo.

Kumpoto kwa ufumuwu kunali maufumu a Asilamu, monga Bijapur, Ahmadnagar, Golconda ndi Bidar. Rama Raya, amene anagwira mphamvu zonse ku Vijayanagara patapita zaka zingapo Krishnadevaraya atamwalira, anali ndi cizolowezi cothandiza mfumu ina kumenya inzake, mawa n'kutembenukira yomwe anaithandiza ija. Potsiriza mafumuwo anatopa naye nagwirizana. Mu Januwale 1565 magulu ankhondo anakumana pa nkhondo imene imachedwa ya Talikota. Rama Raya, ali nkhalamba, anagwidwa nadulidwa mutu. Mbale wake Tirumala anatenga banja lacifumu ndi cuma nathawira ku Penukonda, kusiya mzinda wopanda woteteza. Adani analowa, nafunkha ndi kutentha kwa miyezi ingapo. Ufumuwo unapitirira kwina mofooka kwa zaka zina, koma mzindawo sunadzukenso.

Ena amaisimba nkhaniyi ngati nkhondo ya Asilamu ndi Ahindu cabe, koma miyala ya kumeneko isimba zoposa apo. Mafumu a Vijayanagara anali ndi asilikali Acisilamu m'magulu ao, ndipo pakati pa mabwinjawo pali mzikiti umene unamangidwa mu 1439 ndi mkulu wa asilikali dzina lake Ahmad Khan. Palinso akacisi a anthu a cipembedzo ca Jain. Anthu osiyana zikhulupiriro anakhala mumzindamo zaka zambiri. Cimene cinaugwetsa ndico ndale za mafumu ofuna kupondana.

Tsiku loyamba m'mabwinja

Bungwe la UNESCO linaika Hampi pa mndandanda wa malo a colowa ca dziko lonse mu 1986. Malowo ndi oposa mahekitala 4,000, ndipo muli zotsalira zoposa 1,600: akacisi, zipata, malinga, maiwe omangidwa ndi miyala, ngalande za madzi ndi misika. Tsiku loyamba tinayenda mpaka mapazi kutupa.

Tinayambira pa kacisi wa Virupaksha, amene nsanja ya pacipata cake ndi yotalika mamita pafupi-fupi 50. Kacisi ameneyu sanafe pamodzi ndi mzinda. Anthu akupembedzamo mpaka lero, ndipo tinabvula nsapato pakhomo monga onse. Tinaona kacisi wa Vitthala ndi gareta wake wa mwala, yemwe cithunzi cake cili pa ndalama yapepala ya marupee 50. Tinaona khola la njobvu za mfumu, nyumba yaitali ya zipinda 11, yokhala ndi madenga obulungira. Pamene panali nyumba zacifumu tinapezapo maziko a miyala okha-okha, cifukwa nsanamira ndi madenga zinali za matabwa, ndipo moto unazidya.

Madzulo tinafika pa cosema cacikulu ca Narasimha, wa mutu wa mkango ndi thupi la munthu. Cinasemedwa pa mwala umodzi mu 1528, ndipo kutalika kwake ndi mamita 6.7. Kale pa ncafu yake panakhala Lakshmi, mkazi wake, koma anaphwanyidwa. Cimene cinatsala ndi dzanja lake lokha, lomwe likali logwira kumsana kwa mwamunayo. Mwana wanga anazungulira kuseri nayang'ana dzanja limenelo nthawi yaitali. Ine ndinali kuwerenga zolembedwa pa cikwangwani, ndipo sindinamufunse kanthu.

Usiku umenewo mutu wanga unali wosokonezeka. Ndinaona zambiri, koma sindinadziwe kuti ici cilumikizana bwanji ndi ico. Panalinso funso lina londibvuta. Akacisi ndawaona, maziko a nyumba za mafumu ndawaona, nanga anthu wamba anali kukhala kuti? Anali kuphikira kuti amai amene anadyetsa osema miyalawo? Nyumba zao zinali za dothi ndi udzu monga zathu za kumudzi, ndipo mvula ya zaka zoposa 450 inazibwezera kunthaka.

M'nyumba ya zakale ya ku Kamalapura

M'mawa mwake tinapita ku Kamalapura, katauni kamene kali m'mphepete mwa mabwinjawo, kumene kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene ambiri timaichula kuti myuziyamu. Imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona zofukula zakale, ya Archaeological Survey of India. Nyumbayi ili ndi mbiri yake. M'nthawi ya ulamuliro wa Angerezi, zosema zimene zinali mbwee m'minda ndi m'thengo zinatoledwa n'kuunjikidwa m'khola la njobvu lija. Mu 1972 zinasamutsidwira m'nyumba yatsopano ku Kamalapura, ndipo zofukulidwa m'zaka zotsatira zinaonjezedwa momwemo.

Polowa tinalandiridwa ndi mfumu Krishnadevaraya ali pakati pa akazi ake awiri, Tirumala Devi ndi Chinna Devi. Zimenezi ndi zifanizo cabe za zosema za mkuwa zimene zili m'kacisi wa ku Tirumala. Ndinayembekezera kuona mfumu itanyamula lupanga, koma yaima itaphatikiza manja pacifuwa monga munthu wopempha. Mwini wa akavalo ndi njobvu zankhondo anafuna kukumbukiridwa ali wopembedza.

Pakati pa nyumbayo pali bwalo, ndipo m'bwalomo anaumbamo dziko lonse la Hampi mocepetsa: mapiri, mtsinje, malinga, misewu ndi akacisi, ciliconse pa malo ake. Apa ndi pamene msokonezo wa dzulo unatha. Ndinaona kuti akacisi aakulu anatsata mtsinje, nyumba zacifumu zili kumwera m'kati mwa malinga, ndipo pakati pake pali cigwa ca minda cothiriridwa ndi ngalande. Cimene Domingo Paes analephera kuona ali paphiri, ine ndinaciona nditatsamira kacipupa. Mlendo amene afuna kumvetsa Hampi ayambire pa bwalo limeneli asanapite kukapsa ndi dzuwa.

Tinalowa m'cipinda ca zosema za cipembedzo ca Shiva. Munali Virabhadra ndi zida zake, Bhairava woopsa nkhope, Ganesha wa mutu wa njobvu, ndi Nandi, ng'ombe yamphongo yogona mwakacetecete. Zambiri zinali zopunduka: cina copanda mkono, cina coswedwa mphuno, cina mutu wokha. Ndibvomere kuti ndinalowa m'menemo ndi mtima wokayika, pakuti ife tinakula tikumva liu lakuti mafano, ndipo liu limenelo limatseka maso munthu asanayang'ane n'komwe. Ndili ciimire, panafika agogo ena aakazi obvala sari yotuwa. Anaima patsogolo pa Ganesha wosweka citamba, naphatikiza manja, nawerama pang'ono, n'kupitirira. Wanchito wa m'menemo anatifotokozera kuti mwa mwambo wa Ahindu ambiri, cosema cikasweka sicikhalanso pa malo opembedzerapo, n'cifukwa cake zoterezi zimathera m'nyumba ngati imeneyi. Koma agogowo sanadutse ngati adutsa mwala. Ndinakumbukira kuti Msonkhano Waciwiri wa Vatican, mu 1965, unaphunzitsa kuti Mpingo sukana ciliconse coona ndi coyera cimene cipezeka m'zipembedzo zina, ndipo unachula Ahindu ndi dzina. Sindinapemphere m'cipindamo, koma cipewa ndinabvula.

M'cipinda cina munali zida zankhondo ndi ndalama. Ndalama ya golide ya ufumuwo inali kuchedwa varaha, ndiye kuti nguluwe, imene inali cizindikiro ca mafumu. N'zazing'ono ngati batani la shati, koma n'zimene zinali kugula akavalo a ku Goa. Pambali pake panali ndalama za mkuwa zakuda ndi zoperepeseka, za anthu ogula mcere ndi mafuta. Munalinso makalata olembedwa pa timapepala ta mkuwa tomangidwa pamodzi ndi mphete, osonyeza minda imene mfumu inapereka kwa akacisi ndi kwa ansembe ao. Analemba pa mkuwa kuti ciswe cisadye umboni.

Kenaka tinafika pa miyala yacikumbutso. Ina ndi ya amuna amene anafera pa nkhondo kapena poteteza ng'ombe za mudzi. Imawerengedwa kuyambira pansi: munthuyo akumenya nkhondo, pakati akunyamulidwa kunka kumwamba, pamwamba wakhala pamaso pa mulungu wake. Ina ndi ya akazi amasiye amene anatenthedwa pamodzi ndi mitembo ya amuna ao, pa mwambo wochedwa sati. Pa miyala imeneyi kawiri-kawiri amasemapo mkono wa mkazi wotukulidwa, wobvala zibangiri. Mwambowu unaletsedwa ndi lamulo mu 1829, pambuyo poti Amwenye ena monga Ram Mohan Roy anaudzudzula kolimba. Ine wamasiye wamwamuna ndinaima pamenepo ndi manyazi. Mkazi wanga atamwalira palibe anandipempha moyo wanga, ngakhale cala canga. Anangondifunsa cimene ndifuna kusungira ana, ndipo cimeneco ndinacilephera.

Funso la mwana wanga

M'cipinda cotsiriza munali zofukulidwa pansi. Munali zida za miyala za anthu amene anakhala m'mapiriwo kale-kale mzinda usanamangidwe, tizitsulo ta dzimbiri, ndi timitu ta zoumba za njereza zimene zinagwa ku zipupa. M'kabati ina yagalasi munali tizibenthu ta mbale za ku China, toyera ta maluwa abuluu, tina tocepa ngati cikhadabo. Mbalezo zinaoloka nyanja pa zombo, zinakwera kumtunda ndi amalonda, zinadyeredwamo m'nyumba za akulu-akulu, n'kusweka. Patapita zaka mazana, wina anagwada m'fumbi, nazitola cimodzi-cimodzi, nazitsuka, nazilemba manambala.

Ndinayamba kufotokozera mwana wanga ngati ndili m'kalasi. Ndinamuuza kuti ofukula zakale amakonda dzala kuposa nyumba ya mfumu, cifukwa mfumu imalembetsa pa mwala zimene ifuna kuti tidziwe, pamene dzala limasunga zimene anthu anali kucita tsiku ndi tsiku. Ndinamuuza za katswiri wina wa ku America, Carla Sinopoli, amene m'zaka za m'ma 1980 anasanthula mapale a miphika wamba ya ku Vijayanagara, nazindikira pa maonekedwe a milomo yake kuti uwu unali wophikira, uwu wotungira madzi, uwu wosungiramo cakudya. Potero amai aja ndinali kuwafuna dzulo anayamba kuoneka. Ndinali kukamba mokondwa, osazindikira kuti mwanayo wasiya kundimvera.

"Atate," anatero, maso ali pa galasi, "anthu awa anatola mbale za anthu amene sanawadziwe n'komwe. Nanga za Amai cinatsalako n'ciani?"

Lilime linandiuma. Ndinati, "Palibe, mwananga. Ndinapereka zonse."

"Ngakhale mbale ija ya maluwa?"

"Inasweka."

"Munaiika kuti?"

"Kudzala."

Sanalire mokweza. Anangoti, "Ine sindinaponye dothi m'manda mwao. Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti ndikafika kunyumba ndidzapeza kanthu koti ndigwire m'manja."

Tinatuluka n'kukhala pansi pa mtengo panja pa nyumbayo, pamene anandanditsa zosema zina zimene sizinapeze malo m'kati. Pamenepo, pakati pa miyala yopanda mitu, tinakamba za amai ake kwa nthawi yoyamba. Anafunsa ngati anamva ululu kwambiri, ngati anamchula dzina, ndiponso amene anawasambitsa. Ndinamuyankha zonse osabisa. Ndinamuuza kuti usiku wotsiriza anafunsa ngati mayeso ake atha, nati tisamusokoneze. Kenaka ndinacita cinthu cimene amuna a msinkhu wanga siticita kawiri-kawiri: ndinapepesa kwa mwana wanga.

Ndinazindikira kuti tsiku logawa katundu lija ndinaganiza za cisoni canga cokha. Ine ndinali ndi zaka 33 za ukwati m'mutu mwanga, ndinali ndi manda oti ndingapiteko ndi khasu nthawi iliyonse, motero zinthu zinali kundilemera. Mwana amene anali kutali analibe ciliconse ca zimenezi. Kwa iye citenje cimodzi cikanakhala ngati manda. Zimene ine ndinali kuthawa n'zimene iye anali kudzafuna.

Kudzala

Tinabwerera limodzi kumudzi. Patapita masiku atatu ndinatenga khasu ndi sefa wa ufa wakale, n'kupita kuseri kwa nyumba. Anansi anaima m'mphepete mwa mpanda kudabwa kuti aphunzitsi opuma nchito afunanji kudzala m'mawa-mawa. Wina anafunsa ngati ndinakwirira ndalama. Ndinacita monga ndinaonera pa zithunzi za ofukula zakale: ndinapala pang'ono-pang'ono, ndi kusefa dothi lililonse. Mwana wanga anabwera nagwada pambali panga. Pamwamba tinapeza zitini ndi phulusa la caka cathaci. Pansi pake, dzuwa litafika pamutu, cinatulukira cibenthu coyera ca duwa labuluu. Pofika madzulo tinali ndi zibenthu 7. Sizikwana kupanga mbale. Tinazitsuka ndi kuziyanika pa nsalu.

Sabata yotsatira ndinapalasa njinga kupita kwa alamu anga, akulu ake a malemu. Ndinali ndi mantha, pakuti cinthu cogawidwa pa maliro sacilondola. Ndinafotokoza zonse monga ndafotokozera inu. Alamuwo analowa m'nyumba osanena kanthu, natuluka ndi buku la nyimbo lija ndi citenje cimodzi. Anati, "Alamu, tinadziwa kuti tsiku lina mudzabwera. Sindinacibvale." Titatsegula bukulo tinapeza kuti pa tsamba lotsiriza malemu analembapo ndi dzanja lao maina a ana onse, tsiku lobadwa ndi tsiku la ubatizo la aliyense. Zaka zonse zija sindinadziwe kuti analemba zimenezi.

Tsopano zinthuzo zili m'kabokosi ka matabwa. Ciliconse cili ndi kapepala kake konena kuti ndi ciani, cinali ca yani, ndipo cinapezeka kuti. Ndinalemba ndekha, monga amacitira ku Kamalapura. Bokosilo lili kwa mwana wanga ku Lusaka kumene agwira nchito, ndipo adzukulu akafunsa za ambuye ao amene sanawaone, pamakhala coti awaonetse.

Ife kuno tili nazo nyumba zotere. Ku Mbala kuli Moto Moto, imene inayamba ndi zinthu zimene Bambo Jean-Jacques Corbeil anatola m'midzi pamene ambiri anali kuziyesa zacabe. Ku Livingstone ndi ku Lusaka ziliko zina. Ndinatengerako ana a sukulu kangapo, ndipo nthawi zonse ndinali kuwathamangitsira ku zida za mafumu, mapale tikumawadutsa. Ndikanakhala ndikali m'kalasi, ndikanayambira pa mapalewo.

Kwa inu amene tsiku lina mudzakhala pa mphasa kugawa katundu wa malemu, ndili ndi pempho limodzi. Musanayambe, werengani ana, ndipo muwerenge ndi amene palibe: amene ali ku sukulu kutali, amene ali ku Johannesburg kapena ku London, amene akali wamng'ono woti sadziwa kupempha. Muikireni pambali kanthu, ngakhale kosweka, ndipo mulembe dzina la mwini wake. Ine ndinacita mwai kuti dzala langa linali kuseri kwa nyumba, ndiponso kuti alamu anga anali ndi nzeru kuposa ine.